Atomu siyimba, imangomvetsera: nkhani ya microwave ya mu wotchi ya atomu

Funso la lero lachokera kwa mnyamata wina amene akuphunzira za electronics, akuti: "Ndinawerenga kuti sekondi imayezedwa ndi atomu ya cesium ndipo atomuyo sisintha olo pang'ono. Nanga bwanji akatswiri akuvutikabe kukonza gwero la microwave la mawotchi amenewa kuti likhale lokhazikika? Mesa nthawi imasunga ndi atomuyo? Ndipo amalikonza bwanji?"

Achimwene, pomwe mwasokonekerapo mpomwe ambirife tinasokonekera poyamba. Ine ndinakhala nthawi ndithu ndikuganiza kuti mkati mwa wotchi ya cesium muli kaatomu kamene kamagunda ngati mtima ife nkumangowerenga kugundako, koma ayi sizili choncho. Chimene chimagunda, tinene kuti chimene chimayimba, ndi oscillator, kachipangizo ka magetsi kopangidwa ndi anthu, nde kali ndi zofooka zonse za zinthu zopangidwa ndi anthu. Atomu ili ngati mphunzitsi wa kwaya uja amene iye mwini sayimba koma khutu lake ndi lakuthwa koopsa, kwaya ikamayimba iye amangoti "mwakwera" kapena "mwatsika" basi. Kiyi imene iye amaifuna ndi 9,192,631,770 pa sekondi, nambala imene mayiko anagwirizana mu 1967 kuti ndiyo tanthauzo la sekondi, patapita zaka 12 chipangire Louis Essen ndi Jack Parry wotchi yoyamba yodalirika ya cesium ku NPL, labu ya miyezo ya dziko la Britain ku Teddington, mu 1955. Microwave yathu, mafunde a wailesi othamanga kwambiri ochokera ku oscillator ija, ikafika ndendende pa kiyi imeneyo maatomu ambiri amasintha mkhalidwe wawo, ikaphonya pang'ono amasintha ochepa, ife timawerenga kuti asintha angati kenako nkukankha oscillator ija kuti ikwere kapena itsike.

Tsono vuto lili apa: mphunzitsi wa kwayayu sakhala m'tchalitchi nthawi yonse, amatulukatuluka.

Tiyeni tione mawotchi apamwamba kwambiri a cesium, aja amawatcha fountain, amene oyamba ake enieni anamangidwa ku Paris ndi gulu la André Clairon m'zaka za m'ma 1990. Mkati mwa chitini chachitali chopanda mpweya, ma laser amagwira maatomu mamiliyoni nkuwaziziritsa mpaka pafupifupi gawo limodzi pa miliyoni la digiri pamwamba pa kuzizira komaliza kumene kulipo, kenako amawaponya m'mwamba ngati mpira wa chikulunga pa liwiro la mamita anayi pa sekondi kapena kupitirirako pang'ono. Amakwera pafupifupi mita imodzi, pokwera amadutsa m'kachibokosi ka kopa momwe muli microwave, mphamvu ya dziko nkuwabweza, potsika adutsanso momwemo patatha mwina theka la sekondi, pansi nkuwawerenga. Kudutsa kawiri kumeneku ndi nzeru ya Norman Ramsey ya mu 1949 imene anapatira Nobel mu 1989. Chifukwa cha theka la sekondi limenelo khutu la atomu limathwa mpaka kusiyanitsa mkati mwa 1 Hz pa 9 biliyoni. Koma taonani, ulendo wonsewo kuyambira kugwira maatomu, kuwaziziritsa, kuwaponya, kuwawerenga, umatenga sekondi imodzi kapena kuposerapo, pomwe kumvetsera kwenikweni ndi theka lija basi. Nthawi yotsalayo oscillator ili yokha, palibe oyiyang'anira.

Mwina mukuti, chabwino, ikasokera mphunzitsi akabwera aikonza. Zoona, koma pali kachinyengo kena kamene G. John Dick wa ku JPL, labu ya NASA ku America, anakafotokoza mu 1987, mpaka lero timangoti Dick effect. Tangoganizani kwaya imene mawu ake amakwera nkutsika, kukwera nkutsika mwachangu, ndipo kukwera ndi kutsikako kukufanana ndi nthawi imene mphunzitsi amalowa ndi kutuluka. Akalowa amapeza ali pamwamba, akatuluka iwo atsika iye osamva. Pa avereji kwayayo ili pa kiyi yoyenera, koma iye poti amangomva theka limodzi aziti "tsikani, tsikani" nkuwatsitsa pomwe sanalakwe. Nde phokoso la oscillator lachangu lija, limene mukanati lizimiririka lokha mukatenga avereji, limasanduka cholakwa chapang'onopang'ono cholowetsedwa ndi mlangizi yemweyo. Ndi zofanana ndi zija mumaona pa vidiyo tayala la galimoto likuoneka ngati likubwerera m'mbuyo. Atomu sinalakwe kanthu, yanena zoona pa zomwe yamva, koma yamva pang'ono.

Ndisanapitirire tigwirizane za manambala. Kukhazikika timakuyeza ndi Allan deviation, dzina lake likuchokera kwa David Allan amene analemba za njirayi mu 1966. Tikati 10^-13 pa sekondi imodzi tikutanthauza kuti mukayerekeza sekondi ino ndi yotsatira, frequency, kiyi ija ya kugunda kangati pa sekondi, imasuntha ndi gawo limodzi pa 10,000,000,000,000. Ndipo wotchi ya atomu mukaisiya nthawi yaitali cholakwacho chimachepa motsatira square root ya nthawi. Apa mpamene pagona nkhani yonse, chitani samu nokha: fountain yoyambira pa 2×10^-13, kuti ifike pa 2×10^-16 pamafunika masekondi 1,000,000, amenewo ndi masiku pafupifupi 12. Yoyambira pa 2×10^-14 imafika pomwepo m'masekondi 10,000, maola osakwana atatu. Gwero labwino ka 10 limakupulumutsirani nthawi ka 100. Ndipo munthu amene akufufuza zolakwa za wotchi yake, za maginito, za kutentha kwa chitini, za maatomu kugundana okhaokha, amayenera kubwereza muyeso kambirimbiri, nde kusiyana kwa masiku 12 ndi maola atatu ndi kusiyana kwa kumaliza digiri ndi kukalambira mu labu kkkk.

Gwero lachikale, ndipo mpaka pano ndi limene lili m'mawotchi ambiri, ndi quartz, kamwala konjenjemera ndi magetsi, ya 5 MHz kapena 10 MHz yotsekeredwa mu kauvuni kosunga kutentha kumodzi. Zabwino kwambiri, monga za mtundu wa BVA zimene nzeru yake inachokera ku Besançon ku France ndipo zinkapangidwa ku Neuchâtel ku Switzerland, zimafika cha m'ma 10^-13 pa sekondi imodzi, ndipo fountain yodalira quartz imathera cha pomwepo olo maatomu ake akhale abwino bwanji. Kuchoka pa 5 MHz kufika pa 9.19 GHz muyenera kuchulukitsa ka pafupifupi 1,838, ndipo phase noise, kuja kwakuti kugunda kwa siginolo kumafulumirako kapena kuchedwako pang'ono mosalongosoka, imakula ndi sikweya ya nambala imeneyo, ndiye kuti kupitirira ka 3 miliyoni, pa chiyankhulo chathu 65 dB. Pano ndichenjeze chifukwa ophunzira ambiri amapunthwa: kuchulukitsako pakokha sikuwononga 10^-13 ija, ikadali 10^-13 yomweyo chifukwa frequency nayo yakula. Chimene chimachitika nchakuti kaphokoso kalikonse kamene amplifier kapena mixer yawonjezera kumunsi kuja, kamene pa 5 MHz simukanakaona nkomwe, nako kamachulukitsidwa ka 3 miliyoni. Nchifukwa chake magawo oyambirira a tcheni yochulukitsayi ndi amene timawasamala ngati dzira.

Tcheni yake nthawi zambiri imayenda chonchi. Quartz ya 5 MHz ndi yabwino pa kusuntha kwapang'onopang'ono koma ya 100 MHz imaiposa pa phokoso lachangu, nde mumamangirira ya 100 ku ya 5 ndi PLL, lupu imene imakakamiza oscillator imodzi kutsatira inzake, kuti mutenge zabwino za zonse ziwiri, ndipo luso lili posankha kuti lupuyo ikhale yothamanga bwanji, mumaika pomwe mizere ya phokoso la ziwirizo yadutsana. Kenako 100 MHz muchulukitse ka 92 mupeze 9.2 GHz. Yapitirira ndi 7.368230 MHz, imeneyo mumaichotsa ndi DDS, ka synthesizer ka digito kamene kamatha kusuntha ndi tizigawo ta miliyoni ta hertz, ndipo ndi kameneka kamene kompyuta imakankha atomu ikati mwakwera kapena mwatsika. Pomaliza DRO, oscillator ina ya microwave, imamangiriridwa pamenepo kuti isefe zinyalala. Ubwino wake ngwakuti phokoso la DDS silichulukitsidwa, limangolowa kumapeto.

Anthu atatopa ndi malire a quartz anatembenukira ku sapphire, ndipo apa ulemu upite ku University of Western Australia ku Perth. Amatenga mwala wa sapphire wopangidwa ku fakitale, woyera bwino, waukulu ngati kabotolo ka mafuta odzola, nkuuika mu helium yamadzi uzizire mpaka cha pa 6 K, madigiri 6 okha pamwamba pa kuzizira komaliza kuja. Microwave imazungulira m'mphepete mwa mwalawo mkati osatuluka, amati whispering gallery mode, dzinalo likuchokera ku khonde lozungulira la mu St Paul's Cathedral ku London komwe munthu akanong'ona pakhoma mnzake wa tsidya lina amamva. Pa kuzizira kumeneko mwalawo sumataya mphamvu, Q yake, nambala yoonetsa kuti chinthu chimasunga kulira kwake nthawi yaitali bwanji, imafika cha pa biliyoni, pomwe quartz yabwino ili pa mamiliyoni awiri kapena atatu. Ndipo chimene chimandisangalatsa ine nchakuti tizinyalala tochepa totsalira mu mwalamo ndi timene timaupulumutsa: timakoka frequency mbali yosiyana ndi momwe kutentha kumakokera, nde pali digiri ina pomwe ziwirizo zimafafanizana, mukakhazika mwalawo pamenepo kutentha kukasuntha pang'ono frequency siisuntha. Mu 1999 a ku Paris anabwereka sapphire ya ku Perth nkuilumikiza ku fountain yawo, anafika pa 4×10^-14, ndipo pa fountain kanali koyamba kuti malire asakhale oscillator koma maatomu eni ake, chomwe timati quantum projection noise, kuja kwakuti atomu iliyonse poiwerenga imagwa uku kapena uku ngati ndalama yoponya m'mwamba. Patapita zaka zochepa anatsitsa kufika pa 1.6×10^-14.

Koma sapphire ndi mkazi wa lobola yodula, helium imauluka, muyenera kumathiranso masabata angapo aliwonse ndipo mtengo wake si wamasewera. Masiku ano ambiri, monga a labu ya FEMTO-ST ku Besançon ndi a ku Adelaide, amagwiritsa ntchito cryocooler, tingoti fuliji yamphamvu yosafuna kuthira helium, koma nayo imagunda ngati chigayo chakutali ndipo kugundako mwalawo umakumva, nde ntchito ina imakhala yotchinga kunjenjemera.

Njira yachitatu ndi imene ine ndimaiona kuti yatenga malo, ndipo ndi yotembenuza mutu: m'malo mochulukitsa kuchokera pansi, gawani kuchokera kumwamba. Mumatenga laser ya 1.5 micrometre, frequency yake ili cha pa 194 THz, nkuimangirira ku kalirole awiri oyang'anizana omatidwa pa chigalasi cha ULE chimene sichifutukuka ndi kutentha, chotalika mwina masentimita 10, chili mopanda mpweya pa tebulo lotchinga kunjenjemera. Njira yomangirirayo ndi Pound-Drever-Hall ya mu 1983, ndipo choseketsa nchakuti Robert Pound anaiyambitsa m'zaka za m'ma 1940 pa microwave yomweyi, ndi imenenso imagwira ntchito mu sapphire muja. Laser yotereyi imakhazikika cha pa 10^-15 pa sekondi imodzi, kuposa quartz ka 100. Kenako pamabwera frequency comb, tingoti chipeso chifukwa kuwala kwake kuli ndi ma frequency ambirimbiri otalikirana mofanana ngati mano a chipeso, imene John Hall ndi Theodor Hänsch anapatira Nobel mu 2005, laser yotulutsa timphezi tafupitafupi motsatizana, mwachitsanzo 250 miliyoni pa sekondi. Mukamangirira dzino limodzi la chipesocho ku laser yokhazikika ija, kugunda kwa timphezito kumatengera kukhazikika komweko, muwalitse pa photodiode, kachipangizo kosandutsa kuwala kukhala magetsi, mutuluke microwave. Mwagawa ka pafupifupi 21,000, nde phase noise m'malo mokwera yatsika ndi 86 dB. A PTB, labu ya miyezo ya dziko la Germany ku Braunschweig, ndi a ku Paris onse anaonetsa mu 2009 kuti fountain ingayende ndi microwave yotereyi mpaka Dick effect osaonekanso.

Nayonso ili ndi msampha wake pa photodiode pomwepo. Kuwala kukangosintha mphamvu pang'ono, photodiode imachedwa kapena kufulumira kutulutsa magetsi, nde kusintha kwa mphamvu kwasanduka kusintha kwa nthawi, AM to PM. Mankhwala ake ndi kufufuza moleza mtima mphamvu ya kuwala pomwe kusinthako kumadutsa pa ziro nkukhala pomwepo, komanso kuchulukitsa timphezi tija ndi ma fibre kuti photodiode isakhute msanga. Ndipo musaiwale kuti chigalasi cha ULE chimafupika pang'onopang'ono chaka ndi chaka, laser imayenda nacho, nde pa nthawi yaitali imafunabe woiwongola. Nchifukwa chake m'malabu akuluakulu mumapeza hydrogen maser pakati pa zonse, wotchi ina ya atomu yogwiritsa ntchito hydrogen, ya 1,420,405,751 Hz. Maser ndiye atomu yake imayimbadi yokha, koma kamawu kake nkakang'ono zedi moti imafunabe quartz yomangiriridwa kwa iyo. Pa sekondi imodzi maser siposa quartz yabwino kwenikweni, koma pa maola angapo imafika cha pa 10^-15 ndipo sizima. Nde amagawana ntchito: laser kapena sapphire isunge masekondi, maser isunge maola ndi masiku, fountain inene zoona zake za sekondi. Kuno kumwera kwa Africa ma maser alipo ku ma telesikopu a wailesi a ku South Africa, HartRAO ndi MeerKAT.

Ena anaganiza zongothetsa kutulukatuluka kwa mphunzitsi kuja. Ku METAS, labu ya miyezo ya ku Switzerland, kuli fountain yotchedwa FoCS-2 imene maatomu ake amayenda mosalekeza ngati madzi a pa mpopi, mokhota, osati kuponya mpira umodziumodzi, nde kumvetsera sikuduka ndipo Dick effect imachepa kwambiri olo ndi quartz. Nzeru yabwino koma ili ndi mavuto akeake, ndipo siinafale.

Tsono ndikuuzeni zimene mapepala sakonda kunena mokweza. Mutha kukhala ndi gwero la 10^-15 koma nkulitaya pa kebulo ya mamita atatu. Makebulo ambiri a microwave mkati mwake muli Teflon, ndipo Teflon imasintha kapangidwe kake cha pa 19 °C, pomwepo phase imadumpha kwambiri pa digiri iliyonse, ndipo tsoka lake ma labu ambiri amawaziziritsa cha pomwepo. Mu labu ina imene ndinagwirako ntchito tinakhala masabata tikuona kalinunda pa graph ya Allan deviation cha pa masekondi mazana angapo, tinakayikira mixer, tinasintha power supply, tinatsala pang'ono kuyambana, mapeto ake inali air con imene imayaka nkuzima, mphepo yake imawomba kebulo imodzi yolendewera kuseri kwa rack. Tinaikulunga ndi thonje la siponji nkuimanga ndi tepi, linunda lija linatsika tsiku lomwelo. Chiyambire pomwepo ndikaona linunda ndimayamba ndafunsa kuti ndi chiyani m'chipinda muno chimene chimabwerezabwereza pa nthawi imeneyi, fani, fuliji, chitseko, olo munthu wobwera kudzasesa.

Zina ndi zomwezo zazing'onozing'ono: ma connector a SMA omangidwa ndi dzanja m'malo mwa sipanala yake yoyezera, 50 Hz ya magetsi a pakhoma yolowa kudzera mu ground nkumera ngati timinga mbali zonse za siginolo, amplifier yoipanikiza kwambiri. Ndipo pa fountain pali china choopsa, microwave yodontha. Maatomu amayenera kumva microwave m'kachibokosi muja mokha, koma ikadontha pa connector nkuwapeza ali m'njira, wotchi imanama mokhazikika bwinobwino osaonetsa chizindikiro. Mukati muzimitse microwave maatomu akatuluka, switch nayo imagwedeza phase poyaka. Kukhazikika ndi kunena zoona ndi zinthu ziwiri zosiyana, gwero loipa limatha kuwononga zonse ziwiri.

Mawotchi ang'onoang'ono nawo sapulumuka. A rubidium a 6.834 GHz aja amapezeka pa ma satelayiti a GPS ndi Galileo ndi m'zipangizo za netiweki ya mafoni samvetsera modukiza, koma amagwedeza frequency dala uku ndi uku kuti apeze pakati pa mzere, nde phokoso la oscillator limene lili pa kawiri ka kugwedezako limalowa ngati cholakwa, m'bale wake wa Dick effect. Ndipo pa GPS nanosekondi imodzi ndi masentimita 30 pansi pano.

Inuyo ngati mukufuna kuzigwira ndi manja, musayambe ndi kulota sapphire. Pezani OCXO, quartz ya mu kauvuni ija, ya 10 MHz, zakale zochotsedwa m'zipangizo za mafoni zimagulitsidwa motchipa pa intaneti, rubidium yakale ngati FE-5680A nayo imapezeka, ndi GPSDO imodzi, oscillator yowongoleredwa ndi siginolo ya GPS. Wotchi imodzi simungaiyeze yokha, mufunika ziwiri, ndipo kuti mudziwe yolakwa ndi iti mufunika zitatu. Ma data muwaponye mu pulogalamu ya pa kompyuta ngati AllanTools ya Python kapena TimeLab. Muidyetse ndi batire kapena linear supply osati tima charger ta foni, ndipo batirelo likhale lokhalitsa chifukwa kwathu kuno magetsi akangothima quartz imazizira, ikayakanso sibwerera pomwe inali ndipo imatenga masiku kuti ikhazikikenso. Ikatha sabata ili chiyakire, itembenuzeni chadodolido muli kuyang'ana pa kauntala, muona frequency ikudumpha ndi magawo angapo pa biliyoni chifukwa cha kulemera kwa kamwala komweko, kenako ikani chala pa kebulo kwa mphindi imodzi muone phase ikuyenda. Mukajambula graph yanu yoyamba munditumizire, tidzaone limodzi kuti linunda lanu likuchokera kuti.